Wilibala

Lachitatu lililonse, dzuwa likapendekera ku Michiru,
ndimatsegula kachipinda ka pansi pa masitepe
momwe kale ankasungamo ndowa ndi matsache.
Pachitseko ndinamata pepala: Bwerani ndi zomwe mwalemba.
Fumbi la Chichiri limalowa osagogoda.

Woyamba lero ndi Asiyatu, chaka chachiwiri, wa zauinjiniya.
Wakwera maminibasi awiri kuchokera ku Machinjiri,
lipoti lake lili m'jumbo ya shuga kuopa thukuta.
Inki yofiira yalifukula ngati nkhumba m'dimba.
M'mphepete aphunzitsi ake alembamo liwu limodzi:
sizikumveka.

Tseka pepalalo, ndikutero. Ndiuze ndi pakamwa,
kamlatho kaja ka kwanu kanang'aluka bwanji?
Mtsikana amene analowa ngati wobwera kudzapepesa
wadzuka pampando, manja ayamba kuyankhula:
madzi sanamenye pamwamba ayi, madamu,
anadya kunsi, pang'onopang'ono ngati chiswe,
mchenga n'kuthawa, mzati n'kutsala ukuponda mphepo.
Mphindi zinayi osameza malovu.
Ine wosadziwa n'kusakaniza simenti komwe
ndamva zonse.

Lemba zomwezo.
Bolopeni yauma m'dzanja.
Akuti Chingerezi chimafuna jekete, madamu,
sungalowemo chonchi.
N'chifukwa chake amatola mawu ataliatali mu laibulale
n'kuwavala ngati nsapato zobwereka pa ukwati,
kufika nazo afika, koma matuza okhaokha.

Bambo anga ankamanga nyumba za eni ku Bangwe.
Akanakhala pano akanati:
Chingerezi ndi wilibala, mwanawe,
simenti ndi yako.
Tayamba ndi chiganizo chimodzi. Madzi anachita chiyani?
Mneni kaye. Kenako chifukwa.
Gudumu likulira, koma likuyenda.

Pambuyo pake Sungeni wa zowerengera ndalama,
amene amanunkhiza tambala yosowa m'masamba makumi atatu
koma dzulo ndi mawa amaziphika mumphika umodzi.
Kenako kamnyamata kophunzira unamwino,
kawoloka msewu wa Chipembere kakuthamanga,
wodwala wake wasintha katatu patsamba limodzi,
mwamuna, mkazi, mwamunanso,
poti ife timangoti iye, n'kumupatsa mankhwala,
pomwe chinenero ichi chimafuna kusuzumira kaye.
Taseka mpaka mlonda wasuzumiranso.

Mwezi watha kumsonkhano wa aphunzitsi ndinapempha:
mphindi khumi zokha m'phunziro lanu,
muwaonetse momwe injiniya amamangira ndime,
momwe namwino amalembera zomwe waona usiku.
Ine ndimadziwa wilibala,
njira ya kumalo omangira mukuidziwa ndinu.
A Kalitera anavula magalasi n'kuseka:
ife timaphunzitsa zitsulo, mayi,
zachilankhulo n'zanu.
Tiyi anabwera, nkhani inathera m'makapu.

Ophunzira zikwi zingapo,
mpando umodzi wa mlendo, wothyoka chotsamira.

Faifi koloko yadutsa. Magetsi athima monga mwa masiku onse.
Kunja makondakitala akuitanira Limbe, Limbe, wotsala mmodzi,
ine ndikusonkhanitsa mapepala ndi kuwala kwa foni
pomwe chitseko chagogodedwa, mwaulemu, kawiri.

A Kalitera.
Ayang'ana kumbuyo ngati wina awaona.
M'khwapa muli envelopu yakhaki yofota m'makona.
Kafukufuku wa zaka zinayi, akutero,
za njerwa zosawotcha, zosadya nkhuni.
Ndatumiza kunja katatu, katatu wabwerera.
Akuti nzeru zilimo, koma
ameza kaye,
akuti sizikumveka.

Pakhosi panga pafika mawu aja a kumsonkhano,
okonzeka, akuthwa bwino.
Ndawabweza.
Ndakoka mpando, ukadali wofunda ndi ana awo omwe,
ndaimika foni pa kapu kuti iunike tebulo.

Tsekani pepalalo, bambo.
Njerwa zanuzi zimauma bwanji?

Ayika magalasi pansi.
Manja ayamba.