Kukulitsa Dziwe

Foni inalira ndili kale m'kombi ya ku Mufakose.
Uthenga wa seva, wopanda moni:
dziwe ladzaza, patsala magawo atatu pa zana.
Ndinapempha kondakitala anditsitse.
Ndalama yanga sanabweze.

A Gwatidzo, alonda a pachipata, anaseka pondiona:
"Tiyese, kodi makina akowa sagona?"
Sagona, bambo. Amadya usiku ngati nsikidzi.

Chipinda chake n'chapansi, chopanda zenera.
Kunja Okutobala akuyoyola maluwa a jakaranda,
phula likufewa pansi pa nsapato,
muno ndimavala juzi ya malemu mchimwene
ndipo mafeni amang'ung'udza osapuma.

Timati dziwe, koma mulibe dontho.
Muli zifuwa.
Chipatala cha pamwamba pathu chimajambula anthu tsiku ndi tsiku:
mapapo a mayi wogulitsa matimati ku Mbare,
nthiti za mnyamata amene anagwa pa lole,
mwana wosabadwa atadzipinda ngati nyemba.
Zonse zimatsikira kuno pa nthambo yabuluu.
Ndifufute chiti?
Ndani akauze munthu kuti chifuwa chanu cha chaka chatha
tinataya, malo anachepa?

Madisiki awiri ali mu katoni.
Miyezi itatu ya makalata ndi zidindo,
wa chuma akufunsa chifukwa chiyani awiri
pamene malo owonjezereka ndi a imodzi.
Ndinamuyankha: ina ikafa, inzake izikumbukira.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kusayina.

Ndang'amba pulasitiki.
Imalemera ngati theka la njerwa, yozizira m'manja.
Timisomali tinayi, kamodzi kagwa, kagubudukira pansi pa shelefu,
ndagwada, ndakapeza ndi tochi ya foni.
Kukankha pang'onopang'ono mpaka *khe!*
Kanyali kobiriwira kaphethira.
Inzakenso, *khe!*

Tsopano zala.
Apa m'pamene thukuta limabwera ngakhale kukuzizira.
Makina sadziwa yatsopano ndi yakale,
amamva dzina limene walemba, basi.
Chilembo chimodzi chikaphonya,
zifuwa za zaka zisanu zapita ngati mame.
Ndawerenga nambala pa katoni, ndawerenga pa sikirini,
chala chikutsata, milomo ikuyenda,
katatu, ngati mwana wa sitandade wani.

Ndisanadine, magetsi phethi!
Mabatire ayamba kulira.
Ndawerenga mumdima: imodzi, ziwiri, zitatu...
pa chisanu ndi chiwiri jenereta yatsokomola kuseri,
yatsokomolanso, yagwira.

Mumdimamo ndinaona nyumba yathu.
Bambo anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ndi sutikesi imodzi,
anapatsidwa zipinda ziwiri.
Atabadwa mchimwene anamanga chachitatu.
Atafika azakhali ndi ana awo, chachinayi, chamalata akale.
Sanathamangitsepo munthu.
Tsiku logumula khoma ankayamba aima, nyundo ili m'manja,
kuyang'ana khomalo ngati akulitsanzika,
poti chipinda chikalowa m'nyumba sichitulukanso.
Disiki nayonso ikalowa m'dziwe ndi ya dziwe.

Ndadina.

Palibe phokoso, palibe nthungululu.
Kamzere kamodzi kabwerera, kopanda dandaulo.
Ndafunsa dziwe: uli bwanji?
Lati magawo makumi asanu ndi limodzi okha ndiwo odzaza,
onse ali moyo.

Pa kapepala komata ndalemba tsiku ndi dzina langa,
kuti wodzabwera pambuyo adzadziwe womutukwana.
Ndawerengera pa chikhatho: miyezi khumi ndi inayi,
tikachita mwayi khumi ndi isanu ndi umodzi,
ndipo ndidzayambanso makalata.

Kombi zatha. A Gwatidzo andigawira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki.
Ndabwerera kukatenga chikwama,
sikirini ikadali yoyaka,
ndipo nambala yasuntha pang'ono.
Wina pamwambapa, usiku uno,
wauzidwa kuti kokani mpweya, musapume,
ndipo chifuwa chake chapeza pogona.