Pansi pa Sinki

Mnyamata wokonza mipopi wagwada pansi pa sinki yanga,
tochi kukamwa. Waichotsa n'kulavula liwu limodzi:
"Bodge."
Lalifupi, ngati chitseko chomenyetsa.
Kuno ku Wycombe liwuli timagendera ntchito yongophatikiza,
ya bola zagwirana,
ya munthu amene manja ake onse ndi amanzere.

"Anachita zimenezi ndani, mayi Tapping?"
Ndati ndi Wilfred.
Akuti ndimuuze asadzayambirenso.
Ndati akamuuze yekha, ali kuseri kwa tchalitchi,
chaka chachitatu tsopano, ndipo sayankha.

Wayala zonse pa nyuzipepala:
chubu cha njinga chokulunga paipi kasanu ndi kawiri,
waya wopachikira malaya,
chivindikiro cha botolo la jamu,
ndi sokosi imodzi yotuwa
imene ndinaisaka nyumba yonse
chaka chija chipale chofewa chinatseka msewu.

Zaka makumi anayi ndinamukalipira ndi liwu lomweli.
Shelefu yopendekeka, bodge.
Geti lomanga ndi lamba wa galu, bodge.
Ngakhale keke ya tsiku langa lobadwa, yotitimira pakati ija.
Iye ankangopukuta manja m'thalauza:
"Glenys, bambo a bambo anga ankatchedwa bodger.
Ankaswera m'nkhalango kusema miyendo ya mipando,
yosalala ngati tsaya la khanda,
miyendo yokhayokha, mpando wathunthu sanapangepo.
Kusamaliza ntchito n'kwa kumtundu."
Sindidziwa ngati mawu awiriwa alidi pachibale.
Wilfred ankalumikiza nkhani
mmene ankalumikizira mapaipi.

Mnyamata watha m'mphindi makumi awiri.
Paipi yoyera, yowongoka, yopanda mbiri.
Mapaundi makumi asanu ndi anayi.
Potuluka wati, mwina pondipepesa,
"Koma zinagwira nthawi yaitali bwanji?"
Zaka khumi ndi chimodzi, mwanawe.
Yakoyi tiona.

Usiku uno m'khitchini muli zii.
Poto amene ankalandira madontho ndamutsuka,
sindikudziwa pomuika.
Ndakhala pansi kuti ndimwe tiyi,
tebulo lagwedera, tiyi watayikira m'sosala.

Lisiti la mnyamata uja ndalipinda kanayi,
ndalitsendera kunsi kwa mwendo waufupiwo.
Ndagwedeza. Laima nji.
Ndiye ndalitchula ndekha liwulo,
motsitsa,
ngati ndikuitana munthu ali kuchipinda.