Kampira ka Lachiwiri

Lachiwiri madzulo ku Doncaster,
m'chipinda chapamwamba pa laibulale
momwe mawindo amachita thukuta ife tikuzizidwa,
Mayi Hargreaves amatulutsa kampira kachikasu.
Lamulo ndi limodzi:
akakuponyera, wakha, unene za dzulo.

Yonas wa ku Eritrea wawakha ndi dzanja limodzi.
Akuti dzulo anaphika, anachapa, anakwera basi yolakwika.
Taseka tonse, ndife akuluakulu a imvi zathu,
ena tikadali m'mayunifolomu onunkha sopo wa kuntchito.

Aneni a Chingerezi ali ngati ana a nyumba imodzi.
Ena ngofatsa, umangowamangirira kamchira kumbuyo
n'kukhala za kale.
Ena ngosamva. Ukawatuma ku dzulo
amabwerako atasintha nkhope ndi dzina lomwe,
moti ungawapitirire pamsewu osawapatsa moni.
Amenewo ndinawalemba pachikatoni cha tiyi,
ndimawaloweza m'basi ya sikisi koloko.

Kenako masewera a bodza:
unene zitatu za sabata yatha, chimodzi chikhale chonama.
Ilinca akuti anagula nsapato,
anaimbira foni mwana wake,
anagona maola asanu ndi atatu.
Tonse tinakuwa pamodzi: chachitatucho!
Ndani mwa ife anagonapo chotero?

Kampira kanandipeza ndisanakonzeke.
Ndinati: Bambo Ainsworth a m'chipinda nambala naini
amakonda tiyi wa masupuni awiri a shuga,
amanditchula dzina molakwika m'mawa uliwonse,
amafunsa ngati kwathu kumagwa chipale.
Aphunzitsi anamwetulira, chala m'mwamba:
za sabata yatha, Ndaziona, bweza mneni kumbuyo.

Ndinakafinya kampirako.
Lachinayi ndinawapesa tsitsi.
Lachisanu ndinapeza bedi atayalula,
matiresi ali mbee, zenera lotsekula,
magalasi awo ali m'kathumba kolembedwa dzina.
Mneni woyenera ndinkamudziwa,
ali pachikatoni paja, mzere wachitatu.
Koma kumutchula kunali ngati kuponya dothi loyamba
pamaliro a eni ake, ine wobwera.

Ndinanena. Ankakonda. Ankanditchula. Ankafunsa.
Mayi Hargreaves anati ndakhoza zonse zitatu,
kenako anandiyang'ananso, natsitsa choko.
Panalibe wofunsa kuti bodza ndi liti.

Yonas anatambasula manja, ndinamuponyera.
Iye anati: kale ndinali ndi mng'ono wanga.
Sanalakwitse ngakhale pamodzi.

Potuluka kunali kamvula kosanyowetsa msanga kaja.
Aphunzitsi anandifunsa pamasitepe
tanthauzo la dzina langa.
Ndinati nalonso ndi mneni, mayi,
agogo anandipatsa ndili ndi masiku asanu ndi awiri,
ndisanaone kanthu.
Anafuna kudziwa ngati ndi wa kale kapena wa tsopano.
Basi yanga inali itafika kale pakona,
ndinathamanga ndisanayankhe.