Phunziro la pa Lizulu

Ndinawatengera ku Lizulu, ophunzira anga makumi atatu,
basi ya yunivesite itatsamwa kawiri pa chitunda cha Dedza.
Miyezi itatu ndakhala ndikujambula mizere pa bolodi:
uwu wokwera ndi wa ogulitsa, uwu wotsika ndi wa ogula,
apa akumanapa, aliyense wakhutira.
Iwo ankalemba. Choko chinkatha.

Tinatsikira m'chisanu cha Juni.
Ndinati, pamene mwaimapa ndi Malawi,
mukawoloka tala, Mozambiki.
Ndisanamalize, nkhuku inawoloka ndi anapiye asanu,
popanda woifunsa chiphaso.

Sungeni, wa mpando wakutsogolo uja,
anatsegula kope pamaso pa mayi wa kabichi:
"Phindu lanu pa mutu umodzi ndi zingati?"
Mayiyo anayamba wamuyang'ana nsapato.
Anali Nangondo.
Tinakhalira benchi imodzi pa Mlanda mpaka sitandade seveni,
masamu ankandisiya kutali.
Sanandizindikire, kapena anangosankha kutero.

"Lemba," anatero.
"Mbewu yachokera ku Joni, m'kachitini.
Feteleza ndinagula tsidya ilo ndi metikashi,
metikashiyo ndinasintha kwa mnyamata uyo watsamira njinga yamoto,
iyenso mtengo amauzidwa pa foni
ndi munthu amene sanamuonepo nkhope.
Mankhwala a mbozi, zilembo zake ngakhale iwe sungawerenge.
Changachanga pa kabichiyu ndi msana
ndi madzi a m'dambo, amene chaka chatha anaphwa mu Ogasiti.
Ndiye madzulo ikafika lole ya ku Blantyre
otchula mtengo ndi iwowo,
injini osazimitsa."

Cholembera cha Sungeni chinaima.
"Nanga mutakana?"
"Kabichi sadikira, mwanawe. Si thumba la simenti."

M'golosale kuseri kwathu munali tomato wa m'zitini,
wayenda masabata pa nyanja yamchere, wagona pa doko,
wakwera thiraki, wafika wosatopa.
Panja, wa m'madengu ankang'ambika yekha,
ntchentche zili pa msonkhano.
Izi ndinaziphunzitsa mu Epulo. Dzina lake ndi lalitali,
lachingerezi, silinunkha chilichonse.

Mutu wotsiriza wa chaka ndi chitukuko chokhalitsa.
Ndinaloza phiri lometedwa mpala,
ndi matumba a makala ali ndondondo m'mbali mwa msewu
ngati anthu odikira minibasi.
Ndinalankhula bwino ndithu, za zidzukulu, za nthaka yokokoloka.
Kenaka Mwatitha, amene chaka chonse sanakwezepo dzanja,
anati, "Aphunzitsi, amagula ndani?"
Ndinakonza magalasi.
Langa linali kale kumbuyo kwa basi,
dalaivala atalifunditsa lona.
Kwathu ku Lilongwe magetsi amazima, ana amafuna tiyi.

Tikukwera, ndinamva dzina limene ndinalisiya kalekale.
"Zakeyo! Wanenepatu.
Masamu unkaonera kwa ine aja ndi amenewa?"
Ana anaseka, ena anabisa nkhope m'makope.
Anandisankhira mitu itatu yolimba,
natchula mtengo wake, wa iye mwini.
Pakamwa panga panayamba kale kuti tsitsaniko.
Ndinameza.

Pobwerera munalibe nyimbo m'basimo.
Mutu umodzi unapulumuka m'jumbo
nkumagubuduzika pansi pa mipando,
tikakhota uku uli ku Malawi,
tikakhota uko wapita ku Mozambiki,
mpaka Sungeni anauponda ndi phazi
naugwira choncho mpaka pa Linthipe.

Lolemba ndili ndi kalasi mmawa.
Mizere iwiri ija ndidzaijambulabe, ili m'mayeso.
Koma ndikadzafika pamene ikumana
ndidzaika choko pansi
ndi kufunsa za injini ija.