Kachisanu ndi Chiwiri

Loweruka. Mvula ya ku Motueka ikugogoda malata a galaja.
Galimoto ndaitulutsa kuti ivumbwe,
malo ake atenge mphika.

Pa shelefu pali botolo lopanda kanthu,
lija la chithunzi cha jombo yobiriwira,
mowa umene anyamata a ku Nelson amagulitsa madola khumi ndi awiri.
Pepala lake ndaliwerenga mpaka zilembo kufufutika:
madzi, balere, hopu, yisiti.
Mawu anayi basi,
ngati munthu amene wamufunsa njira
iye n'kungoloza ndi mlomo.

Aka ndi kachisanu ndi chiwiri.
Woyamba unkanunkha katoni yonyowa.
Wachitatu unaphulika m'kabati pakati pa usiku,
Ngaire n'kudzambatuka poyesa chivomezi.
Tinakolopa mpaka mbandakucha, osalankhulana.
Wachisanu ndinathirira nkhono za m'dimba.
Zinafa zikusangalala.

Chimera ndachiviika m'madzi a madigiri 66,
osati 68, ndinaphunzira ndi misozi.
Nthunzi yadzaza galaja, fungo la buledi wongophula kumene,
magalasi anga achita chifunga.
Ola lathunthu maso ali pa wotchi
ngati mlonda woyembekeza womulandira.

Kenaka hopu.
Timaluwa tobiriwira, topepuka ngati mapiko a chiwala,
timene Fergus Tolley anandithyolera m'munda wa abwana ake
kumene zingwe zimakwera kupitirira denga la tchalitchi.
Ukatifikisa m'manja timasiya ufa wachikasu, womata,
fungo la mandimu, la utomoni wa paini, ndi kena kake
kamene Ngaire amati ndi mkodzo wa mphaka.
Dzanja limodzi pongoyamba kuwira, la kuwawa.
Manja atatu moto utazima, a fungo.
Totsalato tidikire masiku anayi, tidzalowa mozizira.

Eni ake ndinawalembera kalata.
Mwezi wathunthu, zii.
Kenaka yankho la mayi wina, Petra Vuletich, wofulula kumeneko:
"Palibe chimene tikubisa. Nafenso umatizemba.
Hopu ya chaka chino si ya chaka chatha,
dzuwa linaumira mu Febuluwale.
Kodi inuyo mukuthamangitsa botolo liti?"

Kalatayo ndinaipachika pa msomali, pambali pa macheka.
Botololo ndikulidziwa.
Ndinalimwa nditakhala pa bampala ya lole
tsiku limene ndinasiya ntchito kudoko,
mapewa akuphwanya, mchere uli m'ndevu,
malipiro omaliza ali m'thumba la kumbuyo,
mawa lake mulibe wondidzutsa.
Zimenezo sayeza pa sikelo.

Komabe ndasefa, ndaziziritsa, ndathira yisiti.
Chigubu ndachiveka juzi yakale ya Ngaire,
ndachikhazika pansi pa masitepe.
Usiku chimayamba kudziyankhulira chokha,
bwu,
kenaka bwu, bwu,
ine n'kutsika ndi tochi, osavala nsapato,
kukamvetsera ngati pali nkhani.

Masabata anayi atha.
Matambula awiri pa tebulo, thovu likunong'ona.
Ngaire wadzimanga kumaso ndi kansalu kopukutira mbale.
Wanunkhiza ili, wanunkhiza ilo.
Sanachedwe n'komwe.
"La kusitolo ndi ili.
Wakowu ndi wamitambo, ndikuumva ndi lilime,
ndipo kuwawa kwake kukuchedwa pakhosi
ngati mlendo wotsanzika kanayi ali pakhomo pomwepo."

Ndatsegula kope langa lamadontho,
ndalemba: kachisanu ndi chitatu, uchepetse dzanja loyamba.

Potukula mutu ndaona tambula ya kusitolo
yakankhidwira kwa ine, yodzaza bwinobwino.
Inayo palibe.
Ngaire ali pakhonde, miyendo pa mpando wanga,
kansalu kaja kali paphewa,
akuyang'ana galimoto imene ndinaiwalanso kulowetsa.

Pensulo ili m'manja.
Mzerewo sindinaufufute,
koma ndaikapo chizindikiro cha funso.