Foloko ya Mano Awiri

Alamu ya utsi inali italira kale kawiri
pamene ndinkakwera masitepe a kwa Abrehet,
pamwamba pa shopu ya mafoni ku Harehills.
Ndinampeza ali chilili pampando,
akukupiza denga ndi thaulo,
uku balere akuthetheka m'chiwaya.

Balere wa m'masitolo a ku Leeds ngwotuwa ngati wodwala, anatero,
sanaonepo dzuwa.
N'chifukwa chake amakazinga yekha
n'kupera pang'onopang'ono m'kamakina ka khofi
kamene sikachedwa kutentha n'kufuna kupuma,
ngati ife tikaweruka ya usiku.

Timagwirira limodzi kunyumba yosamalira okalamba.
Manja amene dzulo ankatembenuza Bambo Whitaker pabedi
kuti zilonda zisawadye msana
lero akukanda ufa ndi madzi ofunda,
kutsina, kubulungiza, kuponya m'mbale
timipira tosaposa dzira la njiwa.

Tihlo, anatero.
Ndinabwereza. Anaseka mpaka kugwira tebulo,
ati lilime langa la ku Dedza
lalowetsa chilembo cha mlendo pakati.

Mphika wa nyama unali kubwatabe,
psuu ndi tsabola wakwawo.
Ndinatambasula dzanja. Anandimenya kachala.
M'kabati anatulutsa kansalu komanga mfundo,
mkati mwake timitengo tinayi ta mano awiri
tosema ndi mpeni, tothimbirira ndi mafuta a zaka zambiri.

Aka n'kanga.
Aka n'ka Yonas, wapita ku mpira, aziona yekha.
Aka kanaguluka dzino pa ulendo.
Kachinayi anakhala nako m'manja nthawi yaitali.
Mchimwene wake Tesfalem ndiye anasema tonseti
ku Adigrat, atatsamira khoma la miyala,
ndipo nambala yake akuiimbabe Loweruka lililonse.
Imaitana. Imaitana basi.

Anakapukuta ndi malaya n'kundipatsa.

Baya, viika, meza, usachite kutafuna ngati chingamu.
Tsabola anandikwera m'mphuno, misozi mbwembwembwe,
iye n'kumati ulemu wake ndi umenewo.
Wobulungiza sadya, anandiuza,
amapenyerera mlendo mpaka agonje.
Ndinawerenga timipira khumi ndi tiwiri,
kenako manyazi anandithera, ndinasiya kuwerenga.

Kunja kunkagwa kamvula kakuno,
kopanda bingu, kopanda fungo la dothi.
Basi inadutsa yowala mkati, yopanda munthu.
Sitinakambe za mapepala a ku Home Office,
ngakhale envulopu yake yofiirira inali pomwepo
itapsinjidwa ndi botolo la mchere.

Nditatsuka mbale ndinatenga kamtengo kaja
kuti ndikabwezere m'kansalu.
Anandigwira pamkono.
Kasiye apo kaume ndi masipuni, anatero,
kakhalitsa mumdima.

Kenako anakwera pampando
kubwezera batire m'alamu,
n'kundikumbutsa ali pamwamba pomwepo
kuti mawa tonse tili ya seveni.