Kalata ya M'thumba

Kalatayi ndinailemba Lachiwiri
kuseri kwa fomu yoyezetsera magazi.
Yagona m'thumba milungu itatu
pamodzi ndi cholembera chouma
ndi mtedza umene ndinaiwala kudya.
Zaka khumi ndi zinayi
zakwana m'mizere inayi yokha.

Chiperoni chatsika kuphiri,
chameza Chitakale, chafika pakhonde la wodi.
Odikirira odwala afunda zitenje mpaka kumutu.
Akandiona amadzuka: adokotala abwera.
Ine ndimacheuka
kuti ndione amene akunenedwayo.

Tsiku limene zinayamba sindilidziwa.
Kapena ndi usiku uja magetsi anazima,
jenereta ikutsokomola ndi ludzu,
tikusoka mayi wa ku Muloza
ndi kuwala kwa foni ya Sisitala Muhiwa.
Anapulumuka. Achibale analuluta panja.
Ine ndinasamba m'manja osamva kanthu,
ngati nsagwada yobayidwa dzanzi.
Kapena ndi chaka chija phiri linasanza matope,
tikuwerenga anthu ndi choko pachitseko
mpaka choko chinatha.

Masiku ano anthu ndimawadziwa ndi mabedi.
Bedi seveni, shuga. Bedi naini, chifuwa.
Dzulo bedi naini anandigwira dzanja,
bambo wothyola tiyi, zala zong'aluka ndi mame,
nati: nanga inuyo amakuonani ndani?
Ndinaseka. Ndinamulembera panado.
Kenako ndinakadzitsekera mosungira mankhwala,
pakati pa mashelefu ayasamula,
ndi kulira mosatulutsa mawu,
mphindi zitatu basi,
poti mzere panja unali utafika pamtengo wa mapeyala.

Kunyumba Lonjezo anasiya kufunsa ngati ndibwera.
Kusukulu anajambula banja lathu:
amayi ake, iyeyo, galu, ndi galimoto.
Akuti ine ndili m'galimotomo.

Bambo anagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri
kuti ndikafike ku koleji.
Kwathu ku Thuchila dzina langa linatayika kalekale,
ndine Dokotala ngakhale pamaliro,
pamene amandikokera kuseri kwa nyumba
kundionetsa chotupa, kundionetsa mwana.
Ndikavula chovala choyerachi
adzandiitana kuti chiyani?

Ulipo munda wa nanazi umene amayi anasiya.
Nanazi amatenga nthawi yake,
ndipo saimba foni pakati pa usiku.
Ilipo ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe,
yowerenga odwala pakompyuta
osamva fungo lawo.
Zonsezi ndaziyeza, ndaziyezanso,
sikelo yake ingonjenjemera.

Lero m'mawa ndinalimba mtima.
Ndinakwera masitepe, kalata m'manja,
ndinapeza loko pachitseko cha abwana.
Akuti ali kumsonkhano ku Liwonde,
abwera Lolemba, mwina Lachitatu.

Pobwerera Sisitala Muhiwa ananditchingira njira.
Sanandifunse kanthu.
Anandikhazika pabenchi ya odwala,
thabwa lija losalala ndi kudikira kwa anthu,
nandimanga lamba pamkono, napopa.
Kokani mpweya, anatero. Tulutsani.
Mawu angaanga,
amene ndawanena kambirimbiri osawamva.
Ndinakoka. Unali ndi fungo la jiki
ndi utsi wa mbaula za kukhitchini ya odikirira.

Anaona nambala, napukusa mutu,
natenga kalata ija, naiwerenga yonse.
Zilembo zanu, adokotala, ngakhale pano siziwerengeka.
Pitani mukagone.
Mukadzuka mudzailembenso,
ngati idzakhale yomweyi.

Ndatuluka pageti dzuwa lili pamutu,
koyamba chaka chino.
Wakabaza wandifunsa: tipite kuti, bwana?
Chiperoni chayamba kung'ambika,
phewa limodzi la phiri laonekera.
Ndaima, chikwama m'manja,
ndikuganiza yankho.